Lipoti la nkhani: mtima wothamanga, kusowa tulo ndi mantha pa bambo wodzilimira chamba ku Johannesburg

Wodwala ndi bambo wa zaka 36 wochokera m'boma la Nkhotakota, amene wakhala ku Joni kuno zaka 9. Amasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina cha ku Randburg, ndipo amagona pompo, m'kachipinda ka kuseri, pamodzi ndi akazi awo ndi mwana wa zaka 3. Loweruka usiku amagwiranso ganyu yaulonda. Dzina lawo ndabisa, zina zomwe zikanawazindikiritsa ndazisintha, ndipo eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Ine ndine namwino pa kiliniki ina mumzinda uno. Ndikulembera anzanga a zaumoyo, komanso alangizi a m'mipingo ndi m'magulu a Amalawi amene anthu ngati bamboyu amayamba kufikira asanabwere kwa ife.

Chidandaulo

Anabwera kumapeto kwa Meyi, atabweretsedwa ndi akazi awo. Kwa masabata atatu mtima unkawagunda mwamphamvu, makamaka madzulo, mpaka kumva ngati pachifuwa pathina ndipo mpweya sukukwana. Tulo tinkabwera cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kwa maola awiri kapena atatu. Anali ndi chifuwa chouma. Chomwe chinawadzutsa mayiwo kuti abwere nawo n'chakuti usiku wapitawo bamboyu anazimitsa magetsi, n'kukhala pansi kuseri kwa chitseko, akunena kuti galimoto yomwe yaima pamsewu ndi ya apolisi ndipo anthu a nyumba yoyandikana nayo awaneneza. Galimotoyo inali ya mlendo wa abwana awo.

Iwo eni ankakhulupirira kuti ndi BP. Mayiwo ankaganiza kuti pali dzanja la munthu, poti chaka chathachi bamboyu anagula malo kumudzi ndipo panali kusamvana ndi abale.

Anadwalapo TB ya m'mapapo mu 2018 n'kumaliza mankhwala a miyezi 6. Mowa samwa. Fodya wa ndudu amasuta pang'ono. Pa usiku waulonda amamwa zakumwa zopatsa mphamvu zam'chitini, nthawi zina zitini zitatu. Nditafunsa za matenda a m'banja, mayiwo ndi amene anayankha: amalume a bamboyu anagonekedwapo ku chipatala cha amisala ku Zomba ali anyamata.

Za chamba sanatchule okha. Ndinafunsa m'Chichewa, mwachindunji koma motsitsa mawu: "Achimwene, fodya wamkulu mumasutako?" Anayang'ana kwa akazi awo kaye, kenaka anati, "Asisitala, chimenecho musachiganizire. N'chakwathu, ndalima ndekha, palibe chomwe ndasakanizamo. Ndinayamba ndili ndi zaka 19 ndipo sichinandilakwirepo."

Zomwe tinapeza

Mtima unkagunda ka 116 pa mphindi, koma mwadongosolo. BP inali 138/86, thupi silinatenthe, mpweya m'magazi unali bwino, shuga analinso pamalo pake. Maso anali ofiira, m'kamwa mouma, zala zikunjenjemera pang'ono. ECG, kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina, inangosonyeza mtima wofulumira, popanda china chodetsa nkhawa. Malungo tinayeza chifukwa anapita kumudzi pa Pasaka, sanapezeke. HIV sanapezeke nayo. Magazi a chithokomiro anabwera abwinobwino, ndipo makhololo sanasonyeze TB. Mkodzo unasonyeza THC yekha, mankhwala a m'chamba amene amaledzeretsa: munalibe heroin, amene amapezeka mu mankhwala osokoneza bongo a m'misewu otchedwa nyaope, munalibenso tik (methamphetamine). Kuyeza kumeneku n'kofunika mumzinda uno, chifukwa chamba chogula m'misewu chimatha kukhala chosakaniza wosuta osadziwa.

M'maganizo, ankadziwa tsiku, malo ndi anthu. Sankamva mawu a anthu osaoneka. Za apolisi zija, masana ankatha kunena okha kuti mwina anangoganiza molakwa, koma anati mdima ukangogwa maganizowo amabwerera ndi mphamvu. Za kudzipweteka kapena kupweteka wina anakana, ndipo mayiwo anavomereza kuti sanaonepo chizindikiro chotero.

Mbiri ya mbewu

Gawo ili ndi limene linatitsegulira nkhani yonse, ndipo ndikulilemba motalika dala. Munthu akanena kuti wasuta zaka 17 popanda vuto, funso loyenera ndi lakuti chasintha n'chiyani chaka chino. Kwa bamboyu chomwe chinasintha ndi munda.

Zaka zonse za m'mbuyomu ankagula kachamba kotchipa kodzaza njere ndi timitengo. Mu Okutobala chaka chatha mnzawo wa kwawo anawapatsa njere zochepa, nati ndi Malawi Gold weniweni. Abwana awo anawalola kudzala pakona ya kumpoto kwa mpanda, kuseri kwa mulu wa manyowa, pamene dzuwa limaomba tsiku lonse. Munthuyu ndi katswiri wa dimba, musaiwale. Anakumba maenje akuya, anathira kompositi yemwe amapangira maluwa a abwana, ankathirira pa nthawi yake, ndipo mvula ya matalala ya mu Novembala itaopseza anaphimba ndi neti. Mbewu zisanu zinamera. Pofika Febuluwale zinali zitapitirira mpanda, mpaka anachita kuzipinda ndi kuzimangirira ku waya. Anandionetsa zithunzi pa foni: mitengo yaitali yowonda, nthambi zotalikirana, masamba a zala zazitali zopyapyala. Ndi maonekedwe amene alimi amati sativa.

Dzina limeneli ndi lakale. Carl Linnaeus anatcha mbewuyi Cannabis sativa mu 1753, ndipo mu 1785 Lamarck anatcha ya ku India kuti Cannabis indica. Masiku ano ogulitsa amagwiritsa mayina awiriwa ponena kuti china chimadzutsa, china chimagoneka. Ife a zaumoyo tisamadalire kwambiri zimenezo, chifukwa dzina la pa paketi silitiuza kuchuluka kwa THC kapena CBD (mankhwala ena a m'chamba amene saledzeretsa) m'chomwe munthu wasuta. Komabe mitundu yakale ya kum'mwera kwa Africa kuno, monga Malawi Gold, Swazi Gold ndi Durban Poison, imadziwika kuti CBD wake ndi wochepa kwambiri, ndipo osuta amaitchula kuti imakwera kumutu osati kufooketsa thupi.

Chinthu choyamba chomwe bamboyu anachita mosiyana ndi kwawo: anazula mitengo yaimuna. Chamba chili ndi mtengo waumuna ndi waukazi. Mwana wa abwana awo ndiye anawauza kuti akaona timipira ta mungu pa mfundo za nthambi azule msanga. Anazula iwiri, inatsala itatu yaikazi. Mtengo waukazi ukapanda kulandira mungu subala njere, ndipo mitu ya maluwa ake imadzaza ndi utomoni womata, momwe muli THC wambiri. Ndudu yofanana kukula ndi yomwe ankasuta kale tsopano inalibe njere, inalibe timitengo, inali maluwa okhaokha. Iwo ankapichira ndudu zinayi pa tsiku monga mwa kale, osaona kuti mlingo wakwera.

Chachiwiri ndi nyengo. Chamba chimayamba maluwa usiku ukayamba kutalika. Ku Nkhotakota, kufupi ndi nyanja, usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse ndipo kulibe chisanu chowaula mbewu, choncho mtundu wa kumeneko unazolowera kukhwima mosafulumira, miyezi itatu kapena inayi uli pa maluwa. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700. Mu Disembala usana umayandikira maola 14, mu Juni umatsika kufika pa maola 10 ndi theka, ndipo chisanu chimatha kugwa kuyambira mu Meyi. Mbewu za bamboyu zinayamba maluwa mu Malichi, ndipo kuzizira kunafika zisanamalize. Anadula kumayambiriro kwa Meyi, tsitsi la maluwa likadali loyera. Alimi a chamba amanena kuti chodula msanga chotere chimathamangitsa maganizo kuposa chokhwima bwino, ndipo bamboyu anati ndi zomwe anaona.

Chachitatu n'chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri. Mu Epulo masamba anayamba kuchita timadontho tachikasu ndi ulusi kunsi kwake. Anazindikira kuti ndi akangaude ofiira, omwe aja amavuta pa tomato. Anatenga mankhwala opopera maluwa a rozi m'shedi ya abwana n'kupopera kawiri, mitu ya maluwa ili kale pamtengo. Ndinawapempha kuti ajambule botolo. Pa chizindikiro chake panalembedwa kuti ndi a maluwa okongoletsa okha, osati mbewu zodyedwa. Mankhwala otere sanapangidwe kuti munthu awawotche n'kukokera utsi wake m'mapapo. Ena mwa mankhwala ophera chuku pa mbewu, monga myclobutanil, akapsa amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa hydrogen cyanide. Utomoni wa chamba ndi womata, ndiye chomwe chapoperedwa chimatha kutsalirapo ngakhale mvula itagwa.

Chachinayi ndi kafutsidwe. Kwawo anaona akuluakulu akukulunga chamba mothina m'makungwa a nthochi, n'kumanga ndi luzi, kuti chifutsike kwa masabata angapo mpaka chide ndi kufewa pakhosi. Kuno nthochi analibe. Anakulunga gawo lina m'makoko a chimanga lisanaume bwino, n'kuika m'jumbo ya pulasitiki pansi pa bedi. Lotsalalo analiyanika pa chingwe m'kachipinda komwe amagona ndi mwana. Atabweretsa mpukutu umodzi n'kuumasula pa tebulo langa, pakati pake panali potuwa, pa ufa wonga thonje, ndipo fungo lake linali la nsalu yonyowa yoiwalika m'ndowa. Chinali chuku. Anati ankangochotsa potuwapo n'kusuta kwinako. Munthu amene anadwalapo TB amatha kutsala ndi mabowo m'mapapo, ndipo chuku cha mtundu wa Aspergillus, chomwe chimapezeka pa chamba chosauma bwino, chimakonda kukhazikika m'mabowo oterowo.

Fungo, kakomedwe ndi mmene chimawagwirira

Ndimafunsa odwala kuti afotokoze okha, chifukwa munthu akaona kuti simukumuweruza amanena zambiri. Bamboyu anafotokoza mwa luso la munthu wodziwa zomera. Anati chikakhala chachiwisi pamtengo chimanunkhira makoko a ndimu ndi utomoni wa paini, ndipo ukachigwira zala zimamata mpaka madzulo. Chouma pa chingwe chimayamba ndi kutsekemera pang'ono pa lilime, kenaka kuyabwa kwa tsabola kukhosi. Chofutsa chimanunkhira dothi ndi zipatso zakupsa kwambiri, ndipo utsi wake ndi wolemera. Fungo lotere limachokera ku mafuta a m'maluwa otchedwa ma terpene, omwe amapezekanso m'mandimu ndi m'mitengo ya paini. Fungo silinena mphamvu ya chamba, ndipo ndinawauza zimenezo chifukwa iwo ankayesa kuti chofewa pakhosi ndiye chofatsa.

Za mmene chimawagwirira anati, "Mphindi zochepa chabe mutu umayera, ntchito imayenda, kapinga yense ndimatchetcha osamva kutopa. Njala sindimva. Koma ikamakwana 5 koloko maganizo amayamba kuthamanga okha, uku mtima ukugunda, ndiye ndimasutanso kuti ndikhazikike." Apa ndi pamene panali msampha. Ndudu yamadzulo yomwe ankati iwakhazike ndiyo inkawonjezera moto. THC amafulumizitsa mtima, kawirikawiri ndi kugunda 20 mpaka 50 pa mphindi, amafiiritsa maso, amaumitsa m'kamwa, ndipo pa mlingo waukulu amabweretsa nkhawa ndi kukayikira anthu. Munthu akamva mtima ukugunda amachita mantha, mantha amauthamangitsanso mtimawo. Onjezanipo kafini wa m'zitini zija, fodya yemwe ankasakaniza m'ndudu, ndi usiku wosagona wa ulonda.

Mmene tinaganizira

Ndinakambirana ndi adokotala a pa kiliniki yathu tsiku lomwelo. Poizoni wa mankhwala a tizilombo a gulu la organophosphate tinamuganizira msanga, poti anthu mumzinda uno sanaiwale ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, amene anamwalira mu Okutobala 2024 ndi terbufos, mankhwala a gulu lomweli. Koma poizoni ameneyo amatulutsa malovu ambiri ndi thukuta, amachepetsa mwanadiso, amatsegula m'mimba, ndipo nthawi zambiri mtima umatsika. Bamboyu anali ndi zosiyana ndi zimenezo. Tinaona kuti mankhwala opoperawo ndi chuku mwina ndi zomwe zikuputa chifuwa, koma za mtima ndi mantha gwero lake ndi THC wochuluka.

Tinalemba kuti ndi nkhawa yoyambitsidwa ndi chamba, yokhala ndi maganizo okayikira anthu, pa munthu amene thupi lake lazolowera chamba. Sitinalembe kuti ndi misala, chifukwa ankathabe kudzitsutsa ndipo sankamva mawu. Koma anali pafupi ndi malire, ndipo sindinawabisire. Kafukufuku wamkulu wa m'mizinda ya ku Europe ndi ku Brazil, wotsogozedwa ndi Marta Di Forti, yemwe anatuluka mu 2019, anapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku anali ndi mpata wodwala misala wochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi osasuta, ndipo osuta tsiku ndi tsiku chamba cha THC wa 10 peresenti kapena kuposa, pafupifupi kasanu. Mbiri ya amalume aja inkawonjezera chiopsezo.

Kwa mayiwo sindinatsutse za kumudzi, chifukwa mkangano wa malo ulipodi ndipo umawasowetsa mtendere onse awiri. Ndinangowapempha kuti tiyambe tachotsa chomwe tikuchiona ndi maso, tione chotsala.

Za malamulo

Bamboyu anabwereza kangapo kuti boma linaloleza. N'zoona mbali ina. Pa 18 Sepitembala 2018 khoti lalikulu la ku South Africa kuno, la Constitutional Court, m'chigamulo cholembedwa ndi woweruza Raymond Zondo, linati munthu wamkulu akhoza kusuta, kusunga ndi kulima chamba chake pamalo a yekha. Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la Cannabis for Private Purposes Act mu Meyi 2024. Kugulitsa n'koletsedwabe, kusuta pagulu kapena pamaso pa ana n'koletsedwanso. Ku Malawi lamulo la 2020 linaloleza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso. Ku Malawiko kusuta ndi mlandu mpaka lero. Ndinawachenjeza kuti njere kapena mpukutu m'chikwama pa basi yodutsa ku Beitbridge ndi ku Tete n'kudziitanira ndende m'maiko atatu. Ndinawauzanso kuti khoti linagamula za ufulu wa munthu m'nyumba mwake, silinanene kuti chamba sichidwalitsa.

Chithandizo ndi kubwereranso

Mankhwala ovomerezeka ochotsa chibaba cha chamba kulibe. Ntchito yaikulu inali kukambirana. Adokotala sanafune kuwapatsa mapiritsi ogonetsa a nthawi yaitali, poopa kusinthanitsa chizolowezi china ndi chinzake. Tinawaonetsa pepala la ECG n'kuwafotokozera kuti mtima wawo ndi wabwino, ndipo nkhope yawo inamasuka pomwepo. Ndinawaphunzitsa kupuma mokoka pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga. Tinagwirizana kuti zitini zija asiye, ndipo ganyu yaulonda aipumire mwezi umodzi, ngakhale zinali zowawa poti ndalama yake ndi imene amatumiza kumudzi.

Povuta panali pa zokolola. Ndinawauza kuti chonse chopoperedwa ndi chachuku chitayidwe, ndipo pa chingwe cha m'chipinda pasakhalenso kanthu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Asisitala, miyezi 7 ndakhala ndikusamala mbewu imeneyi." Ndinawamvetsa. Munthu amene ntchito yake yonse ndi kukongoletsa dimba la eni, ichi chokha ndicho chinali chake. Ndinawafunsa ngati angadyetse mwana wawo tomato wopoperedwa mankhwala a botolo lija. Anati ayi. Ndinawakumbutsanso kuti mwana wa zaka 3 amatola chilichonse n'kuika m'kamwa, ndipo ana omeza chamba amafika kuchipatala ali lenguu, ena akupuma movutikira. Mayiwo ndi amene anamaliza nkhaniyo: anati akafika kunyumba achotsa okha.

Bamboyu ndinawakonzekeretsa za masiku oyamba osiya kusuta, chifukwa ambiri amabwerera ku ndudu poyesa kuti kusiya ndiko kukuwadwalitsa. Munthu wosuta tsiku ndi tsiku akasiya, pakatha tsiku limodzi kapena atatu amayamba kupsa mtima msanga, kusowa chilakolako cha chakudya, kutuluka thukuta usiku ndi kulota maloto oopsa. Zimafika pachimake m'sabata yoyamba, zambiri zimatha pa masabata awiri, koma tulo timachedwerapo kubwerera.

Patatha sabata anabwera ali okwiya ndi otopa, koma mtima unali pa 88. Anati maloto ndi ambiri moti amadzuka atanyowa. Za apolisi zinali zitachepa. Patatha masabata atatu mtima unali pa 76, ankagona maola 6, ndipo mayiwo anati magetsi sazimitsanso. Pa sabata yachisanu anasuta ndudu imodzi ya mnzawo pa maliro a Mmalawi wina ku Diepsloot, ndipo usiku womwewo mtima unathamanga mpaka m'mawa. Anabwera okha kudzanena. Kwa ine chimenechi chinali chofunika kuposa mayeso onse, poti anadzionera okha kugwirizana kwa ziwirizi popanda wowauza.

Chifuwa sichinatheretu. Chithunzi cha X-ray chinaonetsa zipsera za TB yakale kumtunda kwa phapo la kumanja, ndipo adokotala anawalembera kalata yopita kwa akatswiri a mapapo kuti akaone ngati chuku chakhazikikamo. Tinawapatsanso kalata ya ku SANCA, bungwe lothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, kuti azikakumana ndi mlangizi, koma apitako kamodzi kokha. Akuti kufotokoza za mumtima m'Chingerezi kapena m'Chizulu kumawavuta, ndiye uphungu tikupitiriza pa kiliniki pano m'Chichewa, kamodzi pa mwezi.

Njere zotsala sanataye, ndipo anandiuza poyera kuti Okutobala akafika sakudziwa chomwe adzachite. Malangizo anga, poona mbiri ya amalume awo ndi zomwe zinachitika mu Meyi, ndi akuti asadzalenso ndipo asasutenso, ndipo ndawalemba m'buku lawo la kuchipatala momwemo. Ndi mayiwo tagwirizana kuti akadzaona bamboyu atha mausiku awiri osagona, akulankhula okha, kapena ayambanso kubisala kuseri kwa chitseko, asadikire tsiku la kiliniki koma apite nawo kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Tsiku lotsatira lokumana tinaliika kumayambiriro kwa Sepitembala, nyengo yodzala isanafike, ndipo adzabwere ndi zotsatira za kwa akatswiri a mapapo.